Matikiti a Ogasiti

Selinah anatembenuza kompyuta kuti Usumani aone yekha, ngakhale ankadziwa bwino kuti bamboyu sakhulupirira zolembedwa mpaka atazimva pakamwa pa munthu.

"Ba Usumani, nakuuzani kudala. Ngati mufuna vochipa, ni Ogasiti. Ndeke yachipa, hotela yachipa, na ku paki bagulitsa matikiti monga tomato yamadzulo."

"Nanga Okutobala?"

"Okutobala kuyamba kuzizira, balendo bayamba kubwela, mtengo nawo unyamuka. Imwe chaka chilichonse mubwela pano, mufunsa, mupukusa mutu, muyenda. Uyo mpando wakuzolowelani."

Selinah sananame. Mayiyu anali wa ku Lusaka, ndipo kaofesi kake kogulitsira matikiti a ndege, pansi pa nyumba ina yosanja ku Jumeirah Lake Towers mumzinda wa Dubai, Usumani anali atakapondaponda mpaka Selinah ankamupatsa tiyi osamufunsa kuchuluka kwa shuga.

Usumani anali dalaivala wa banja lina ku Al Twar. Miyezi yozizira ikafika, ntchito yake ya kumapeto kwa sabata inali kutengera ana a bwana ku paki ya masewera kunja kwa mzinda, kuja kuli zisitima zothamanga m'mwamba chadodolido. Iye sankalowa. Ankatsala pamalo oimika magalimoto, kumamvera anthu akukuwa kuseri kwa mpanda. Tsiku lina ali pomwepo anaimba foni ya kanema kwawo ku Machinga, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo, Sofia, amene panthawiyo anali asanathe kugweluka mano, anamva phokosolo.

"Ababa, anthuwo akumenyedwa?"

Usumani anaseka mpaka misozi. Anamuonetsa chithunzi chachikulu cha pachipata, pomwe panali akavalo amatabwa ozungulira, ana atawakwera.

"Ine ndikufuna woyerayo," anatero Sofia.

"Udzamukwera, mwanangu. Ndidzakuitana."

Pasipoti anamupangitsira chaka chomwecho, iye pamodzi ndi mayi ake. Koma Usumani anali munthu woti ngakhale sopo amayamba wazungulira mashopu onse asanagule. Disembala woyamba mtengo unamuthawitsa. Chaka chotsatira anati adikire, mwina utsika. Chinacho anamva za Ogasiti, koma anaopa kuti kutentha kwa kuno kungamudwalitse mwana. Zaka zinkapita choncho, kavalo ali pachithunzi.

"Khalas, basi," anatero tsopano, akutulutsa khadi. "Lembani awiri. Mayi ndi mwana. Bwana ndi banja lake amathawa kutentha mwezi umenewo, ine ndimakhala mfulu."

Selinah anaimitsa zala.

"Mvelani bwino. Aya yochipa sibabweza ndalama, na tsiku sibasintha. Tumani foni kunyumba poyamba."

"Ndikufuna ndiwadzidzimutse."

"Bamuna na vodzidzimutsa! Yalla, tiyeni, ni ndalama zanu."

Anatuluka akumwetulira yekha ngati munthu wongofunsira kumene n'kulolidwa. M'sitima ya Metro anakhala akuyeseza mawu oti akanene. Atafika m'kachipinda kake kakuseri kwa nyumba ya bwana, anavula yunifolomu, anavala malaya abwino, n'kuimba.

Mkazi wake Mwanajuma anamvetsera nkhani yonse osamudula. Usumani atamaliza, mkaziyo anafunsa:

"Mwati Ogasiti, bambo a Sofia?"

"Eya. Sukulu akhala atatsekera. Ndaganizira zonse."

"Mwaiwala kuti Ogasiti kuno kumachitika chiyani?"

Anali ataiwaladi. Atakhala zaka zambiri ku Dubai, Ogasiti kwa iye anali atasanduka mwezi wa misewu yopanda anthu ndi chiwongolero chowotcha manja. Kwawo Ogasiti ndi mwezi wa ng'oma. Sukulu zikangotsekera, anyamata amapita ku jando, atsikana ku nsondo, kukalangizidwa mwambo kwa masabata angapo, ndipo amatulukako atasiya ubwana.

"Sofia akulowa chaka chino," anatero Mwanajuma. "Achimwene anakaonana kale ndi anamkungwi. Ine ndiye wokaphikira. Ndinakuuzani nthawi ya Ramadani, inu munangoti inshallah, uku mukuyendetsa galimoto."

"Sangalowe chaka chamawa?"

"Zimenezo mulankhule ndi eni mbumba."

Mwini mbumba anali Che Muhammad, mlongo wake wa Mwanajuma, munthu wosakweza mawu koma wosabwereranso m'mbuyo. Anabwera pafoni tsiku lotsatira, atavala kofia, atakhala pampando ngati akuweruza mlandu.

"Alamu, mwachita bwino kuganizira mwana. Koma mwanayu ali ndi kwawo. Mukanayamba mwatifunsa."

"Ndi mwana wanga, alamu. Ndikungopempha masabata awiri."

"Palibe akukana kuti ndi wanu. Dzina ndi lanu, nkhope ndi yanu. Koma chaka chatha tinamusiya chifukwa munati mumuitana Disembala, asasokonezeke. Disembala anadutsa. Anzake a msinkhu wake otsala ndi omwe akulowa panowa. Tikamusiyanso, adzalowa ndi tiana tomwe amatibereka kumsana. Mukufuna aziseka mwana wanu pachitsime?"

"Matikitiwa sabweza ndalama."

"Pepani, alamu. Ndalama zimabweranso. Msinkhu subwerera."

Usumani anapsa mtima. Anati amupatse Sofia foni, mwini wake anene.

Sofia anaoneka pakanema atatalika, khosi litatuluka, koma maso ali omwe aja.

"Mwanangu, matikiti ndagula. Kavalo uja akukudikira. Ukufuna kubwera kwa ababa, kapena kupita ndi anzako?"

Mwanayo anayang'ana kumbali komwe kunali amalume ake, anayang'ana mayi ake, kenako bambo ake.

"Ndikufuna konse, ababa."

Anapotokola nsonga ya diresi.

"Mukanandiitana chaka chatha."

Sananene mokwiya. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti mvula yagwa. Usumani anachita manyazi kuti wasenzetsa mwana katundu woyenera mutu wa munthu wamkulu, ndipo mkwiyo wonse unamuthera pomwepo.

"Pita ndi anzako, mwanangu. Ukamvere anamkungwi. Za kuno tidzaona."

Ogasiti anafika ndi moto wake. Bwana ndi banja lake anakwera ndege, wantchito wa m'nyumba anapita kwawo ku holide, ndipo Usumani anatsala yekha ndi mphaka wa madamu. M'mawa ankathirira maluwa omwe pofika masana ankakhala atawerama kale. Ankatsuka galimoto yosapita kulikonse. Kumudzi kunali kovuta kuimba, chifukwa Mwanajuma ankakhala kophika tsiku lonse, ndipo mwana amene ali ku nsondo salankhula ndi bambo ake. Masiku ena ankafika madzulo asanatsegule pakamwa, kupatula popemphera ndi pokalipira mphaka. Kusungulumwa anali akukudziwa kale, koma kwa chaka chimenecho kunali ndi mano.

Matikiti a ndege anapita pachabe. A ku paki anali nawobe mufoni, ndipo mtima wake wosafuna kutaya chinthu sunamulole kuwasiya. Tsiku lake litakwana anavala malaya abwino aja n'kupita, nthawi yoyamba kudutsa pachipata chomwe anakhala akuchiyang'ana kwa zaka.

M'kati munali ngati msika wa tsiku lamaliro. Nyimbo zinkalira, mafani akuluakulu ankapemerera nthunzi yamadzi, koma anthu anali apa ndi apo, onse atabisala m'mithunzi. Chisitima cha m'mwamba chinadutsa chili ndi anthu awiri okha, ndipo kukuwa kwawo sikunafike patali. Anayenda thukuta lili kamukamu mpaka anawapeza akavalo aja. Anali aang'ono kuposa pachithunzi. Woyera uja analipo, utoto utayamba kusupuka pamphuno.

Woyang'anira malowo anali mnyamata wamtali wovala chipewa, ndipo pachifuwa pake panalembedwa kuti Levy. Atamva Usumani akudziyankhulira, anaseka.

"Ah, ba Malawi! Muli bwanji, mudala? Mwana ali kuti?"

"Ali kumudzi. Ndimati ndikwere ine, mundijambule, ndidzamuonetse."

Levy anakanda m'khosi.

"Mudala, apa pavuta. Aba bakavalo ni ba bana. Mukulu angena chabe ngati apelekeza mwana. Kamera ili apo, bakaniona nchito yasila."

"Ngakhale kamodzi? Palibe munthu pano."

"Niziba, mudala. Siningakwanise. Yendani ku chija chikulu, kulibe na laini."

"Chimenecho sanachifune."

Levy anamuyang'ana, nthabwala zonse zitamuthawa. Anamukokera mpando pamthunzi, namupatsa botolo la madzi ozizira, osafunsanso kanthu. Usumani anakhala pamenepo nthawi yaitali. Kunabwera bambo wina wa ku India ndi kamtsikana kake, ndipo Levy anayatsa makina. Kamtsikanako kanasankha kavalo wofiira, kakumakweza dzanja nthawi iliyonse kakadutsa pomwe panaima bambo ake. Woyera uja ankangozungulira wopanda munthu. Usumani anaimirira, anathokoza Levy, n'kubwerera kukadyetsa mphaka.

Sofia anatuluka ku nsondo sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira. Mwanajuma anaimba masana, kumbuyo kukumveka nthungululu ndi ng'oma.

"Bambo a Sofia, nayu mwana wanu. Mumuone."

Usumani anakonza kolala. Pakanema panaoneka mtsikana atavala nsalu yatsopano, mpango kumutu, mikanda m'khosi. Sanalande foni m'manja mwa mayi ake ngati kale. Anagwada patali pang'ono, manja pamaondo, maso pansi.

"Salaam aleikum, bambo. Mwaswera bwanji?"

"Aleikum salaam. Sofia, iwe, tayandikira ndikuone! Wanenepatu."

Anasendera pang'ono, koma maso sanadzutse. Mwanajuma anaseka monyadira.

"Walangizidwa ameneyu. Mukadzabwera musadzayembekeze zokuthamangirani pamsewu n'kukudumphirani m'khosi. Ngakhale kuchipinda kwanu salowanso."

Usumani anayesa kuseka nawo, koma sizinatheke.

"Mwanangu, ndinapitatu kuja. Kavalo wako ndamuona, alipo. Ulendo uno sindidikiranso. Ukangotsekera teremu ino, ubwere."

Sofia anamwetulira pang'ono, mwaulemu, mmene amamwetulira munthu pofuna kuti mlendo asakhumudwe.

"Zikomo, bambo. Koma zija ndi za ana. Musavutike nazo."

Atatero anapempha kuti apite akathandize kugawa chakudya kwa alendo. Anadzuka, anabwerera chafutambuyo masitepe angapo, n'kutuluka pakanema. Usumani anatsala akuyang'ana khoma la nyumba yomwe anamanga ndi ndalama za ku Dubai, yomwe anali asanagonemo mwezi wathunthu. Foni itaduka analira, ndipo panalibe womuona woti amuchitire manyazi.

Bwana atabwerako, Usumani anapempha tchuthi cha Disembala. Bwanayo anadandaula kuti ndi nthawi yomwe ana amafuna kuyendayenda, koma ataona nkhope ya dalaivala wake anangoti khalas, pita. Tsiku lake lopuma, Usumani anakwera Metro kupita kwa Selinah.

"Ba Usumani! Balendo banasangalala?"

"Sanabwere."

Selinah anamulozera mpando. Usumani sanakhale pansi.

"Ndikufuna imodzi. Yanga. Yopita ku Blantyre, Disembala."

"Disembala? Mudala, ndiye yodula kupambana yonse. Yembekezani Febuluwale, izatsika maningi."

"Febuluwale mwana adzakhala ali kusukulu. Ndikufuna ndikakhale naye pakhonde, ngakhale akhale patali."

"Lekani nikuuzeni mtengo poyamba."

"Musandiuze," anatero Usumani, akuika khadi patebulo. "Lembani."