Nsalu Yakuda pa Khoma la Mzikiti

Hemin anali pa makwerero, misomali ili kukamwa, pamene mkulu wake Rebwar anatulukira ndi nsalu ina kukhwapa.

"Tsitsa imeneyo, ukhome iyi," anatero Rebwar.

Nsalu imene Hemin ankakhoma pa khoma la mzikiti inali yakuda, yolembedwa dzina la bambo awo, a Sabir, ndi tsiku limene anamwalira, basi. Ya Rebwar inali ndi chizindikiro cha chipani chimene chinali chitangopambana chisankho cha nyumba ya malamulo ya chigawo chawo, ndipo inkatchula malemuwo kuti membala wokhulupirika. Anamupatsa ndi anyamata a phungu watsopano, amene ankayembekezeka kudzapepesa maliro masana a tsiku lomwelo.

A Sabir anagulitsa tiyi pamsika wa m'tauni yawo ya Koya moyo wawo wonse, koma amene ankamuvotera sankamudziwa ngakhale mkazi wawo. Lero atagona m'manda, anthu anayamba kuwalowetsa chipani.

Rebwar sanali munthu woipa ayi, koma mantha. Ntchito yake ya ku ofesi ya zamadzi anaipeza m'boma limene linali litangogwali, ndipo atsopanowa anali atayamba kale kusesa. Anakumbutsa Hemin za ana ake, ndi za amayi awo amene tsopano ankadalira iye.

"Bambo apita, Hemin. Nsalu iwapweteka pati?"

"Achimwene, ndiwanamizire bambo pa khoma la mzikiti? Khomani nokha, makwerero ndi awa."

Rebwar anagwira makwererowo, n'kuwasiyanso. Nsalu yake anakaiponya kuseri kwa chitseko. Hemin anamumvera chisoni kwambiri, koma nsalu yakuda ija anaikhomerera ndithu.

Masana holo ya pamzikiti inadzaza. Phungu watsopano anafika ndi gulu lake, anayang'ana khoma lija, nkhope n'kusintha. Amuna amene mwezi wathawo ankamutukwana pamsika anakanganirana kumupatsa mpando wakutsogolo. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi povulira nsapato, kunakhala a Jamal, phungu wakale amene anagwa pa chisankhocho. Mipando ya mbali zonse ziwiri inali yopanda munthu, ngati mkuluyo ali ndi khate.

Shehe atamaliza kuwerenga Kurani, Hemin anatuluka ndi thireyi ya tiyi. Rebwar anamutsekera njira.

"Bweretsa kuno, wamkulu ndine."

Hemin anataya mtima. Anaona kuti mkulu wake akufuna kukawerama ndi tiyiyo pamaso pa phungu, apepese za nsalu ija, ntchito ipulumuke. Anamusiyirabe thireyiyo, poti pamaso pa anthu salimbirana.

Rebwar anayenda ndi thireyi ija ya timatambula ta tiyi. Anafika pamene panakhala phungu watsopano uja, amene anali atatambasula kale dzanja, koma anangopitirira. Holo yonse inamutsatira ndi maso mpaka pamene anakaima, pamaso pa a Jamal.

Mkuluyo anayang'ana tambula, kenako anayang'ana Rebwar.

"Mwana wanga, ukudziwa chimene ukuchitachi? Mawa ntchito ulibe."

"Ndikudziwa, malume," anayankha Rebwar. "Chisankho chikatha, bambo tiyi ankayambira kwa amene wagwa. Imwani asanazizire."