Kubwerera Womaliza

"Kodi miyendo nayonso imakondera?" anafunsa amake mapasa akumanga zingwe za nsapato pa geti la sukulu. Azimayi onse anatanganidwa ndi mabotolo awo a madzi, kuopa kuyang'ana a Kochi.

A Kochi sanali kochi weniweni. Ankagwira ntchito yogulitsa mankhwala ku famase, koma gulu lothamanga Loweruka m'mawali analiyambitsa ndi iwo, ndipo ndondomeko yake anaikonza okha atawerenga za mtima ndi mapapo: masiku othamanga pang'onopang'ono, tsiku la chitunda, tsiku lopuma. Ndi iwonso anaika lamulo lakuti ofika msanga pa geti azibwerera kukatenga womaliza, n'kubwera naye akumuombera m'manja. Lamulolo analiikira mlamu wawo, mkazi wa mchimwene wawo, yemwe poyamba ankafika pa mlatho ali wefuwefu, manja ali m'chiuno ngati wasiyidwa ndi basi.

Miyezi inapita. Ndondomeko inali imodzi, msewu umodzi. Mlamu uja, wodya chilichonse chomwe chapezeka, anayamba kukwera chitunda akucheza. Amake mapasa anasinthako pang'ono. A nesi anachepa thupi koma liwiro linakhala lomwe lija. A Kochi, amene sanajombepo, thupi linangowayang'ana, mpaka womaliza anakhala iwowo. Ankadziwa bwino kuti matupi sayankha mofanana, ndipo ankatonthoza nazo ena ndi mawu okoma. Koma kuomberedwa m'manja iweyo Loweruka lililonse, ogulitsa m'mbali mwa msewu akuonerera, ndi nkhani ina.

Tsikulo, a Kochi atatsala okha kuseri kwa mlatho, anaona kanjira kodutsa pakati pa malo otsukira magalimoto ndi mpanda wa tchalitchi. Kanjirako kankazemba chitunda chonse n'kukatulukira pafupi ndi sukulu. Anacheuka, ngakhale ankadziwa kuti kumbuyo kwawo sikukhala munthu, n'kulowa. Madzi a sopo anawafika m'masokosi.

Ankaganiza kuti atulukira pakati pa gulu mosaonekera. Pa geti anapeza mabotolo okha, atandandalikidwa pa khoma. Onse anali atafika kale, n'kubwerera kukawatenga.

A Kochi anadikira. Anawongola miyendo, n'kuiwongolanso. Dzuwa linakwera. Kenako gulu linatulukira likuyenda, popanda woomba m'manja. Mlamu anali patsogolo, malaya atanyowa chifukwa cha thukuta, foni ili kukhutu.

"Apezeka achemwali anu, musavutike kubwera," anauza amuna ake pafoniyo, n'kuthamangira kwa a Kochi. "Alamu! Tafika mpaka ku mlatho, tasuzumira ndi m'ngalande momwe. A nesi amati mwina mwakomoka. Mwadzera kuti?"

"Lero ndiye mwauluka, a Kochi," anatero amake mapasa. "Mankhwalawo musamamwe nokha ku famaseko, tigawireniko." Kenako maso awo anatsikira pa masokosi a thovu aja, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Mlamu nayenso anaona. Anatsegula botolo lake n'kuwapatsira ndi manja awiri.

"Imwani, alamu. Njira za kuseri kuja n'zosokoneza. Inenso ndinasocherako tsiku lina."

Sanasocherepo, ndipo aliyense ankadziwa. A nesi anagwedeza mutu movomereza ngati akumva za matenda odziwika. Wina anayamba kuomba m'manja mwa chizolowezi, n'kusiya ataona kuti ali yekha. A Kochi anamwa. Anayang'ana miyendo ya mlamu wawo: inali itakwera chitunda, kutsika, n'kukweranso, koma inaima phee ngati yangochoka pa mpando.

Anatseka botololo bwinobwino n'kulibweza.

"Kuyambira Loweruka gululi muzitsogolera ndinu, alamu," anatero. "Ine ndibwera. Ndipo chitunda ndikwera kawiri."