Tsiku Limene Atelala Anakana

Komiti ya payunivesite, ija imaonetsetsa kuti ochita kafukufuku asavutitse anthu omwe akuwafunsa, inabwezanso pempho la Sisitala, namwino yemwe ankaphunziranso digiri. Uthengawo anauwerengera pafoni ataima pakhonde la kiliniki ya odwala shuga, magolovesi ali m'thumba, ndipo mtima unamuwawa zedi. Popanda chilolezo cha komitiyo sakanafunsa munthu ngakhale funso limodzi, ndipo popanda mafunsowo digiri yake ikanadikira chaka china. Teremu inali ikupita kumapeto.

Komatu kafukufuku wake sanali wobaya munthu jakisoni. Ankangofuna kucheza ndi odwala ake, amve chifukwa chomwe amabwerera kuchipatala zilonda za kumapazi zitakula kale. Wapampando wa komitiyo, mayi wamagalasi amene ophunzira anawatcha a Bwezani chifukwa chokonda kubweza mapempho, anali atalemba funso limodzi lokha: "Amene amawatsuka zilonda odwalawa ndinu. Angathe kukukanani?"

Masana omwewo Sisitala anakwera masitepe a ofesi yawo ali wefuwefu. Anawapeza atakhala pakati pa milu ya mafayilo, fani yakufa itawayang'ana pakona.

"Mayi, anthuwa amandikonda," anatero asanakhale n'komwe. "Ndikawapempha, palibe angakane olo mmodzi."

"Ndiye vuto lake ndi limenelo," anayankha a Bwezani, akutsegula fulasiki. "Mumwa tiyi?"

Sisitala sanamwe. Anatsika masitepe akung'ung'udza kuti anthu ena amalandira malipiro chifukwa chotsekereza anzawo njira.

Kunyumba kunali bambo ake, dalaivala wopuma pantchito, amenenso shuga anawasiyira chilonda pachidendene. Madzulo alionse Sisitala ankawatsuka ndi kuwamanga bandeji. Tsiku limenelo anaganiza zoyeserera mafunso ake pa iwo, kuti adzitsimikizire kuti a Bwezani akungolimbana ndi mphepo. Anaika phazi lawo pamiyendo yake, nayamba monga analembera m'pempho lija.

"Bambo, ndikufuna ndikufunseni za matendawa. Muli ndi ufulu wokana, ndipo mukakana palibe chisinthe."

"Funsa, mwana wanga."

Anafunsa zonse. Bambo anavomera kuti chilondacho anachibisa m'sokosi kwa nthawi ndithu, kuti anayamba athirapo mankhwala ogula kwa munthu wa pasiteji ya basi, komanso kuti amatapa shuga m'kabati mwana wawo akapita kuntchito. Sisitala anamanga bandeji akumwetulira. Si izi, munthu walankhula momasuka!

Anatuluka kukatsuka beseni pampopi wa kuseri kwa nyumba. Zenera linali lotsegula, ndipo anamva bambo akudandaulira mchimwene wake wa Sisitalayo, yemwe anali atangofika kumene.

"Iwe, mlongo wakoyu wandivula lero. Mpaka za shuga wa m'kabati."

"Nanga bwanji simunakane? Sanakuuzeni kuti mutha kukana?"

"Ndikane? Phazi langa lili m'manja mwake, thonje lili pachilonda, ine ndikane? Ukufuna mawa andikweche ngati poto?"

Mchimwene wake anaseka mpaka kutsokomola. Sisitala sanaseke. Madzi anasefukira m'beseni iye ali chiimire, manyazi atamugwira. Sanayambe wakwechapo munthu chilonda, ndipo bambo ankadziwa zimenezo. Koma ngati munthu amene anamubereka anaopa kumukana, nanga agogo aja amafika pakiliniki atatsamira ndodo, n'kumamutchula kuti adokotala?

Pempholo analilembanso, ulendo uno mosakwiya. Wofunsa sadzakhala iye, koma mnzake wa m'kalasi, mphunzitsi amene sanavalepo yunifolomu yoyera. Odwala adzapemphedwa atathandizidwa kale, atavala nsapato zawo, m'kachipinda ka pafupi ndi geti. Ndipo Sisitala sadzauzidwa amene wavomera kapena amene wakana. Zinamupweteka kupereka mafunso ake kwa wina, koma anatumiza. Chilolezo chinabwera teremu isanathe, ndipo anachiwerenga kawirikawiri ngati kalata ya chibwenzi.

Mphunzitsi uja anayamba ntchito. Anthu ena ankalowa m'kachipindako, ena ankadutsa, Sisitala osadziwa kanthu.

M'mawa wina panabwera Atelala, bambo wachikulire wosoka zovala kumsika, amene Sisitala anakhala akuwatsuka chala chachikulu cha kuphazi kuyambira kalekale. Anali munthu wa "inde, Sisitala" pa chilichonse. Ukanawauza kuti ameze bandeji akanafunsa madzi. Anakhala pabenchi, navula nsapato, naika phazi pakampando. Kenako anakonza kukhosi.

"Sisitala, mnzanu wa kugeti uja anandipempha kuti ticheze."

"Zimenezo musandiuze, bambo. Si zanga."

"Ayi, ndikuuzani. Ndinamukana." Anaimika khosi ngati tambala, koma maso ali pa thonje lomwe linali m'manja mwa Sisitala. "Za phazi langa ndi za ine ndi mkazi wanga. Anati ndikhoza kukana, ndiye ndinakana."

Sisitala anaona chalacho chitafinyika pang'ono, chikudikira. Anaviika thonje m'mankhwala, natsuka pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, kuyambira m'mbali. Atelala anapuma mpweya wautali, chala chija n'kumasuka.

"Mwachita bwino, bambo," anatero, misozi ili pafupi. Pa zaka zonse zomwe anawadziwa, aka kanali koyamba kumva mawu awo enieni, ndipo anasangalala kuposa tsiku lija chilolezo chinabwera.

Ataweruka anakweranso masitepe aja, ulendo uno mosathamanga. A Bwezani anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, nkhope itakonzekera mkangano.

"Kwagwanji, Sisitala? Chilolezo tinakupatsani."

"Mayi, ndabwera kudzathokoza. Andikana."

A Bwezani anavula magalasi, namwetulira mpaka mano onse kuonekera. Sisitala anakoka mpando yekha, nakhala.

"Tiyi uja akadalipo?"