Dzanja la mu Nyimbo Yachisanu

M'dziko lonse lino panalibe munthu amene ankafunira zoipa chimbale chatsopano cha Mayeso kuposa atsibweni ake enieni, a Saulosi Chimphepo. Sikuti ankamuda mwanayo, ayi. Anali mwana wa mlongo wawo, ndipo ankamukonda ngakhale tsitsi lakelo linali losapesa. Vuto linali lakuti m'nyimbo yachisanu ya chimbalecho munali ng'oma ya mbalule, ndipo manja amene ankaiimba anali a mkulu wa mpingo. Anali manja awo.

Mbalule ndi ng'oma imene imatsogolera pa gule wamkulu, ija imalankhulana ndi mapazi a wovina. A Saulosi ali mnyamata kwawo ku Nambuma, bwalo silinkatentha iwo asanafike. Kenaka analowa kalasi, anabatizidwa, nabwera chikamwini kuno ku Namitete kudzakwatira Ester, mwana wa mlaliki. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zinadutsa akulima fodya ndi chimanga, akuyendera odwala, osakhudzako chikumba cha ng'oma ngakhale ya kwaya. Kuno palibe ankadziwa za manja awo, ngakhale mkazi wawo. Mpingo wawo suseka ndi nkhani za gule. Mkhristu wamba akangoonedwa kubwalo amamuimitsa mgonero, ndiye mkulu wa mpingo angalowere kuti?

Zinachitika mopusa, monga zimachitikira zinthu zambiri zimene zimagwetsa anthu anzeru. Mayeso ankaimba gitala ku Lilongwe m'gulu la nyimbo za roko lotchedwa Malasha, zija gitala imalira mpaka mano kuchita dzanzi. Atasiyana ndi anzake, anabwera kumudzi mwezi wa Epulo ndi kachipangizo kojambulira mawu. Anajambula chigayo, anajambula mvula pamalata, anajambulanso tcheni cha njinga. M'galimoto mwake munali ng'oma imene anaigula kwinakwake. Tsikulo amayi Ester anali ku Chigwirizano.

A Saulosi anangoiona ng'omayo, mtima unawawa.

"Kodi phula ili anamata ndani?" anafunsa. "Munthu ameneyu ali ndi maso?"

Ankafuna kungokonza phulalo basi. Analowa nayo m'chigafa, pansi pa fodya wolendewera, nasonkha kamoto ka zitsononkho panja kuti chikumba chikungike. Anaigogoda kamodzi kuti amve ngati yakoma. Zimene zinatsatira sanaziitane. Manja anakumbuka okha, ndipo pamene ankatsegula maso thukuta linali litanyowetsa kolala, Mayeso ali chigwadire, kachipangizo kake kakuyaka.

"Atsibweni, dzina lanu silituluka, ndalumbira," anatero mnyamatayo.

Chimbale chinatuluka mu Ogasiti, ndipo milungu iwiri yoyamba a Saulosi anaikonda kwambiri. Okonda nyimbo za Mayeso anakwiya ngati alumidwa ndi mavu. Pawailesi ankaimba mafoni motsatizana. Wina wa ku Kawale anafunsa ngati gitala anaigulitsa. Mtsikana wina anati wamvera mphindi zinayi zathunthu akudikira kuti nyimbo iyambe, osadziwa kuti chigayo chimene akumvacho ndiye nyimboyo. Wina anangoti abale ake amutengere kuchipatala msanga. A Saulosi ankamvera zonsezi atakhala pakhonde akusenda mtedza, akugwedeza mutu ngati achisoni, koma mumtima akuyamika Mulungu. Chimbale chimene aliyense akuchinyoza palibe amachimvera mpaka nyimbo yachisanu.

Koma anthu a kabaza ali ndi nthawi. Amakhala pasiteji tsiku lonse kudikira okwera, foni ili m'manja. Mmodzi wa iwo analeza mtima nadutsa chigayo, nadutsa mvula, nafika pa nyimbo yachisanu. Pofika Loweruka inali ikulira pa timasitolo tonse toika nyimbo m'mafoni pa Namitete. Mlungu wotsatira inali m'maminibasi a ku Mchinji. Omwe aja ankafuna kumutengera Mayeso kuchipatala anayamba kunena kuti iwo anadziwa kalekale kuti mwanayu ndi katswiri.

Nyimboyo inalibe mawu. Gitala inkangolira chapansipansi ngati ng'ombe ili kutali, ndipo pamwamba pake mbalule inkayenda, kuthamanga, kuima mwadzidzidzi, kenaka n'kugwa. Achinyamata ankakangana. Ena ankati ndi kompyuta, munthu sangaimbe choncho. Ena ankati ndi ng'oma ziwiri. Koma a Saulosi sankaopa achinyamata. Ankaopa nkhalamba zimene zinkaima pakati pa msewu, thumba la chimanga lili panjinga, khutu lili tcheru. Wodziwa gule amadziwa kuti woimba mbalule aliyense ali ndi dzanja lake, ndipo dzanja silibisika.

Pachikuto cha chimbale analemba kuti, "Ng'oma: munthu wina." Mawu amenewa ndi amene anaputa moto. Aliyense anafuna kumudziwa munthu winayo. Ndiye tsiku lina masana, mtolankhani wa pawailesi atamupanikiza, Mayeso anaseka n'kunena kuti, "Ndi wa kwathu konkuja ku Namitete, munthu wolemekezeka ndithu." A Saulosi anazimitsa wailesi. Anapita kuseri kwa khola la mbuzi n'kumuimbira foni.

"Iwe, unalumbira."

"Dzina sindinatchule, atsibweni. Koma mukanamva mmene anthu akuikondera. Ena akuti analira."

"Ndilira ndine. Ichotse."

"Ndiichotsa bwanji? Ili m'foni ya aliyense."

Kuyambira pamenepo a Saulosi anakhala munthu wamantha. Njinga yamoto ikaima pafupi ndi nyumba, ankasuzumira pazenera. Munthu akawapatsa moni n'kuwagwira dzanja nthawi yaitali, ankaganiza kuti akuliyeza. Popemphera m'tchalitchi ankabisa manja pakati pa miyendo, chifukwa anawapeza kawiri konse akugogoda benchi okha. Amayi Ester anaona kuti lamba wasuntha bowo.

"Kodi abambo, mukudwala? Tipite kuchipatala akakuoneni."

"Ndi kutentha chabe."

"Kutentha kwayamba chaka chino, eti?" anatero amayiwo.

Nkhani inafika m'bwalo la akulu ampingo. Anaibweretsa a Hopeson Kalonga, mlembi wa mpingo, mphunzitsi wopuma amene sankakweza mawu ndipo sankaiwala kanthu. Anali mnzawo wa a Saulosi wa zaka zambiri. Ana awo anaimirirana pa maukwati. A Hopeson anati ana a kwaya onse ali nayo nyimboyo, ndipo pali mphekesera yakuti woimba ng'omayo ndi mkhristu.

"A Chimphepo, mwanayu ndi muphwa wanu," anatero mwaulemu. "Sanakutsineni khutu?"

"Ana a masiku ano amauza ndani?" anayankha a Saulosi. Linali bodza lawo loyamba m'chipinda chimenecho, ndipo anadabwa kuti denga silinagwe. Bwalo linagwirizana kuti mkulu aliyense atchere khutu m'dera lake. A Saulosi nawonso anakweza dzanja kuvomereza kuti munthuyo afunidwe.

Chipulumutso chinabwera kuchokera kumene sankayembekezera. Kutsidya kwa mtsinje kunali bambo wina dzina lake Nicholas, woimba ng'oma pa magule a m'midzi, wosapemphera, wokonda kucheza pamowa. Anthu atamufunsa ngati ndi iye, poyamba anangomwetulira. Ataona kuti kumwetulirako kukumubweretsera mabotolo, anavomera. Achinyamata anamujambula, zithunzi zake zinayenda pa mafoni, ndipo ena anachokera ku Lilongwe pa minibasi kudzangomugwira chanza. Mayeso sanatsutse. A Hopeson anati ndi bwino kuti si wa mpingo, nkhani ithe. Madzulo ake a Saulosi anadya mpaka amayi Ester anawayang'ana kawiri.

Akanangokhala kunyumba zikanatha choncho. Koma Loweruka lotsatira linali loyandikira Mgonero, ndipo a Saulosi ndi a Hopeson anali kuzungulira m'midzi kugawa makadi olandirira mgonerowo kwa akhristu. Makadiwo anali m'kachikwama kakuda kamene a Saulosi anakapanira kukhwapa. Njira yachidule yopita kumidzi yotsala inkadutsa pamsika.

Patsogolo pa kasitolo ka nyimbo panali chikhamu. Anatulutsa sipika yaikulu, anamukhazika Nicholas pampando, ng'oma ili pakati pa miyendo, kuti aimbe pamodzi ndi nyimboyo anthu aone ndi maso awo. Njinga zinatseka njira moti akulu awiriwo anayenera kuima. A Saulosi anayang'ana pansi. Anadziuza kuti palibe choopa, mwini wake wapezeka kale.

Nyimbo inayamba. Kunena zoona, Nicholas sanali mbuli. Poyambira anatsatira bwino, ndipo anthu anakuwa. Koma m'nyimbomo muli malo pamene ng'oma imakhala chete. Pamenepo wovina amakhala atanyamula phazi, fumbi lili m'mwamba, ndipo woimba amadikira, amadikirabe, mpaka phazilo litsike. Ndiye ng'oma ndi phazi zimagwera pamodzi. Nyimbo yonse imakomera pa kudikira kumeneko. Nicholas sankadziwa kudikira. Atafika pamalopo anadzazapo timikwapulo take tofulumira ngati nkhuku ikutola chimanga.

A Saulosi anamva ngati wina wawaponda chala.

Malowo anabweranso, Nicholas anadzazanso. Achinyamata ena anayamba kuyang'anana. Wina anati mwina akusintha dala, akatswiri amatero. A Saulosi anafinya kachikwama kaja mpaka zala zinachita dzanzi. Mantha analipo, sanachoke, koma pansi pa manthawo panatuluka chinthu china chakale kwambiri, mkwiyo wa munthu amene akuona ntchito yake ikuonongedwa, anthu n'kumaombera m'manja.

"Tiyeni tizungulire uku," anatero a Hopeson, akuwakoka mkono wa jekete.

Malowo anabwera kachitatu. Sipika inakhala chete, Nicholas anakweza dzanja.

"Dikirani phazi!"

Mawuwo anatuluka aakulu, mawu ozolowera kulengeza nyimbo m'tchalitchi chodzaza. Nicholas anadzidzimuka, dzanja linaima m'malere. Ndipo a Saulosi, mkulu wa mpingo wovala tayi, anapezeka atawerama pang'ono, chikhatho chili m'mwamba, akudikira. Pamene ng'oma ya m'sipika inagwa, chikhatho chawo chinagwera pantchafu nthawi yomweyo, osatsogola, osatsalira. Chinatsatiranso mikwapulo isanu yotsatira chisanadziwe kuti chili pamsika.

Wa kasitolo anazimitsa nyimbo. Anthu onse anatembenuka. A Saulosi anafuna kunena kuti anangoimva kawirikawiri m'maminibasi, koma anali atachedwa. Nkhalamba ina yogulitsa mipini inawayang'ana manja, osati nkhope, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Dzanja ili si la kuno," inatero. "Ndinalimvapo ku Nambuma ndili mnyamata, pa maliro a amalume anga. Ndimati mwini wake anamwalira."

Nicholas anadzuka pampando. Anali wabodza, koma anali woimba ng'oma, ndipo anadziwa chimene waona. Anaikankhira ng'omayo patsogolo ndi manja awiri, mwaulemu.

Apo chikhamu chinasefukira. Mafoni anakwera m'mwamba. Amayi ogulitsa tomato analuluta. Mnyamata wina wa kabaza anagwetsa njinga yake n'kuyamba kufuula kuti wapezeka, wapezeka. Mtsikana wina wa kwaya, amene a Saulosi anamuphunzitsa okha katekisimu, ankalumpha akuseka, misozi ili m'maso. Panalibe ndi mmodzi yemwe wowafunira zoipa. Chibadwire sanakondedwepo ndi anthu ambiri chotere, ndipo chibadwire sanaopepo chotere.

Anatembenukira kwa a Hopeson. Ankayembekeza ukali, ndipo ukali ukanakhala wopepuka. Mnzawoyo anali atavula magalasi, akuwapukuta ndi kansalu nthawi yaitali, maso ali ofiira.

"Munakweza dzanja, a Chimphepo," anatero motsitsa. "Tonse tinakuonani."

"Ndinakweza."

"Bweretsani makadiwo. Midzi yatsalayi ndimaliza ndekha."

A Saulosi anachotsa kachikwama kukhwapa. Kanali konyowa ndi thukuta, ndipo anakapukuta pa jekete asanapereke. Anakanyamula zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. A Hopeson anakalandira ndi manja awiri, nayamba kuchoka, kenaka anabwerera masitepe awiri.

"Njira yanga ikudutsa kwanu. Kodi amayi ndiwauze ine, kapena mukawauza nokha?"

A Saulosi anayang'ana mafoni onse aja, akuwala padzuwa. Kuchokera pamsika kukafika kunyumba ndi mtunda wa ola limodzi pansi, ndipo amayi Ester anali ndi foni.

"Ndikawauza ndekha," anatero.

Anayamba kudzipanikiza m'chikhamumo kufuna potulukira, koma anthu sankawapatsa njira. Aliyense ankafuna kuwagwira dzanja.