Injini ya Lole pa Mtanda Wathu

Mtanda umene amuna anga anakolekapo tcheni si wa galaja yokha. Umaboola khoma n'kudutsa m'chipinda chathu chogona, pamwamba penipeni pa bedi. M'mawa uja ndinawakumbutsa kawiri.

"Mayi a Tchutchu, mtandawu wanyamulapo mainjini angati?" anatero akuseka.

"Ang'onoang'ono, a petulo. Iyi ndi ya lole."

Galimoto imene ankakonza inali ya adokotala a mano, yakalekale, yobiriwira, mabampala ake onyezimira ngati supuni zatsopano. Injini yake inafa ndipo zipangizo zake sizipezekanso, ndiye anagula ya dizilo yochotsa m'lole, ati idzakoke ndi adzukulu omwe. Galimotoyo inali pa zitsa, matayala atachotsedwa. Eni ake anaima pambali, akupukuta nyali ndi kampango koyera.

Ndinagoneka Tchutchu, kutseka chitseko kuti phokoso lisamudzutse, n'kukachapira matewera pakhomo pa galaja, maso ali kudenga. Alamu anga ankakoka tcheni. Amuna anga anali chagada kunsi kwa galimoto, akukuwa, "Pang'ono! Kumanzere, iwe!"

Injini itakwera pamwamba pa galimoto, mtanda unalira. Fumbi linagwera m'beseni mwanga.

Ndinathamangira kuchipinda. Chogwirira chinatembenuka, koma chitseko osasuntha. Mtanda unali utapanikiza khoma, khomalo n'kupana chitseko. Zenera lathu ndi la zitsulo, ndinachita kukakamira ndekha poopa akuba. Mkatimo china chake chinagwa, Tchutchu n'kuyamba kulira.

"Tsitsani! Chitseko chakana! Mwana ali mkati!"

"Mphindi zisanu zokha, alamu," anatero alamu anga, thukuta lili kamukamu. "Sinalunjike. Ndikatsitsa pano ndiphwanya galimoto ya eni."

"Iphwanyeni!"

"Mayi, galimoto ngati iyi simungaipezenso," anatero adokotala.

"Nanga mwana wanga ndikam'peza kuti?"

Ndinagwada m'mafuta, kuwagwira amuna anga miyendo, n'kuwakoka ngati thumba. Anatuluka atakwiya, sipanala ili m'manja. Kenako anamva kulirako. Anayang'ana mtanda, wapindika ngati uta. Analanda tcheni kwa mng'ono wawo n'kuyamba kutsitsa, manja akuthamanga, koma injini ikutsika pang'onopang'ono ngati ikuchita dala. Ine ndinabwerera kuchitseko, kumangoitana dzina la mwana, kumenya ndi phewa.

Ndinamva chitsulo chikufinyika, galasi likusweka, adokotala akuti, "Mayo ine!" Khoma linapuma. Ndinamenyanso kamodzi n'kugwera mkati.

Tchutchu anali mbuu ndi fumbi, tsitsi ngati nkhalamba, kukamwa kuli yasa. Pa pilo, pafupi ndi khutu lake, panali theka la njerwa.

Ndinatuluka naye panja. Amuna anga anatambasula manja kuti am'nyamule, ine osam'pereka. Adokotala anabwera, nkhope itagwa, nandipatsa kampango kaja.

"Yambani m'maso," anatero.