Gilisalini wa Malemu Sellina

A Evaristo Lungu anapuma pa ntchito ya njanji mu 1979, koma manja awo sanamve nawo uthengawo. Kukacha, mumawapeza kwawo ku Katondo atagwada pambali pa galimoto yawo yakale ya Moresi, yomwe inali isanayende chimwalirire akazi awo, a Sellina.

Tsopano panali chifukwa. Philomena, chitsirizira wawo, ankamanga ukwati Loweruka lachiwiri la Disembala, ndipo bambowo analumbira kuti mwanayo adzafika kutchalitchi pa mpando wa mayi ake, osati pa lole ya eni.

Dzimbiri silinawavute. Mabawuti anawaviika mu viniga masiku atatu, zitseko nkuzipala ndi sandipepala mpaka chitsulo kuseka. Chinawaimitsa mutu ndi mphira za m'zitseko. Zinauma gwa ngati chikopa choiwalika padzuwa, ndipo mvula ikagwa, madzi ankalowa ngati kwawo. Diresi loyera likanafika kuguwa likudontha.

Munthu wa njanji amakhulupirira kuti palibe chokanika pa palafini. Anaviikamo mphira imodzi, ndipo m'mawa anaipeza itatupa, ikunyenyeka m'manja.

A Laban, mnansi wawo, anaseka mpaka kutsokomola. "Ba Lungu, iyi si sitima! Rubber ili monga nkhanda, khungu la munthu, ifuna glycerine."

"Manje nizaipeza kuti? Mu ma shop na sopo mulibe."

A Evaristo ankanama, ndipo ankadziwa. M'sutikesi munali botolo la gilisalini wonunkhira maluwa, amene a Sellina ankadzola. Linatsala theka. Zaka zinayi ankangolitsegula pa tsiku lokumbukira maliro, kununkhiza, nkutsekanso. Likatha, ndiye kuti mkaziyo watheratu m'nyumbamo, ndipo zimenezo zinkawaopsa.

Lachitatu anawiritsa madzi, natsuka mphira zotsalazo. Ya palafini ija anaisinthanitsa ndi ya chitseko chakumbuyo chimene sichinkatseguka kale. Kenako anayamba kupaka ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka botolo linauma.

Loweruka mvula inagwa yosaona nkhope. Philomena analowa m'galimoto, chitseko nkutsekeka mofewa, osalowa ngakhale dontho. Asanafike n'komwe pa msika, mtsikanayo anakweza mutu, nakoka mpweya kawiri.

"Atate," anatero motsitsa mawu, "muno mununkhila Amai."

A Evaristo anangogwira chiwongolero zolimba. Diresi lija linanyowabe pachifuwa, koma mphira zinalibe mlandu.