Ndege ya a Mphande

Mtengo wa bulugama unagwera pa bedi la tomato, mapiko achitsulo amene anali pansonga pake n'kupindika ngati chitini chopondedwa. Amuna awiri amene anaudula anakulunga waya, anatulutsa batire m'shedi, kenako anakweza Ackim Mphande kumbuyo kwa galimoto. Mkazi wake, Marjorie, anaima pakhomo atagwira pakamwa. Morris Makwinja anaona zonsezi ali kuseri kwa mpanda wake, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja.

Ackim anali makaniko wochokera ku Nkhata Bay. Mbali ya Msongwe imene ankakhala kunalibe magetsi, ndipo chisanu cha mu Juni chinkamuphera anapiye chaka ndi chaka. Ndiye anang'amba mgolo n'kupanga mapiko, kuwamangirira ku alitineta yopanga magetsi ya galimoto yakufa, n'kukweza zonsezo pansonga pa mtengo. Mphepo ikaomba batire inkadzaza, mababu a galimoto n'kumafunditsa anapiye m'shedi ya kudimba momwe ankasungamonso makasu ndi mbewu. Anthu ankangoti ndege ya a Mphande.

Morris, kalaliki wa m'sitolo wochokera ku Mulanje, ndi amene anagwirizira makwerero tsiku lokweza. Ndi yemweyonso amene Loweruka lapitalo, pa bawo kumsika, anafuna kuseketsa anthu.

"Inu mukuti ndi za nkhuku?" anatero akuponya nkhomo. "Waya ameneyo amafika ku Dar es Salaam, kwa othawa boma aja. Mneba wanga amamva nkhani zisanachitike."

Onse anaseka, kupatula bambo wina wa jekete yakuda amene anangofunsa kuti mnebayo dzina lake ndani. Morris anamuuza.

Galimoto itapita analowa m'nyumba n'kuululira mkazi wake, Jenet, amene ankasita malaya.

"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata," anatero Jenet. "Koma wanuwu watsata munthu wina."

"Ndipita ndikanene kuti zinali zocheza."

"Pitani. Akakufunsani kuti za ku Dar mumazidziwa bwanji, mukayankhe bwino. Ana awa mundiuziretu kokawasiya."

Mawa lake Morris anavala tayi, anaika khadi la chipani m'thumba, anayenda mpaka pa geti pomwe anamva kuti Ackim akusungidwa. Mlonda atamuyang'ana, iye anafunsa njira ya ku Chibanja ngati mlendo. Pobwerera anagula thumba la makala.

Kuyambira pamenepo anthu anasiya kudutsa pakhomo pa a Mphande. Amayi a mvano ankalambalala, ogula masamba anapeza dimba lina. Morris yekha ndi amene ankapitako asanapite kuntchito. Ankayatsa mbaula m'shedi, kuthirira tomato wotsala, n'kutola anapiye amene afa. Makala akazima mbandakucha, anapiye ankaunjikana pakona n'kupondana. Akufawo iye ankawakwirira kuseri kwa nthochi Marjorie asanawaone.

"Yewo chomene, adada," ankatero Marjorie tsiku lililonse. "Abale athu enieni atithawa. Inu munthu wa kutali ndi amene mwatikumbuka."

Morris ankayang'ana pansi n'kunena kuti si kanthu.

Ackim anabwera kutayamba kutentha. Anali atametedwa mpala, buluku atalimanga ndi chingwe, ndipo poyenda ankakoka mwendo wakumanzere. Sananene za kumene anali, ndipo palibe anamufunsa. Loweruka lotsatira Morris anamupeza m'shedi atakhala pa ndowa, akupukuta alitineta ija ndi kansalu.

"Mwatandala uli, a Makwinja? Lowani. Nkhuku zanu izi, mwazilera ndinu."

"Zambiri zinafa."

"Zikanafa zonse."

Morris anakhala pa thumba la manyowa. Anafunsa ngati mapiko angawongoleke, nati iye akhoza kupeza mgolo wina kusitolo.

"Ayi," anatero Ackim. "Iyi ndikagulitsa. Chaka chamawa tizidzayatsa mbaula ngati anthu ena onse."

Morris anasendera pafupi.

"A Mphande, pali nkhani. Mawu amene anakutengetsani aja..."

"Pa bawo, kumsika," Ackim anamudula mawu, osakweza mutu. "Anandiwerengera mawuwo tsiku loyamba lomwe, ndi dzina lanu lomwe. Ankafuna ndinene kuti munkamvera nawo, kuti tikhale awiri."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati a Makwinja ndi munthu wa nthabwala, waya wa nyale ndi wa wailesi sangasiyanitse. Anandimenya chifukwa cha yankho limenelo." Anatembenuza alitineta n'kupitiriza kupukuta. "Masabata oyamba ndinkamvetsera galimoto iliyonse, kuganiza kuti mwabwera kudzanena kuti munkacheza. Kenako ndinaleka."

"Ndinafika pa geti," anatero Morris.

"Ndikukhulupirira."

"Ndichite chiyani tsopano?"

"Madzi akatayika saoleka. Chimodzi chokha ndikupemphani. Marjorie asamve. Amakutchulani m'pemphero tisanadye, ndipo miyezi yonseyi chimene chamuimika n'choti panatsala munthu mmodzi wabwino. Musamulande chimenecho."

Chitseko cha shedi chinalira. Marjorie analowa ndi thileyi ya tiyi ndi chinangwa chophika. Anagwada n'kuyamba kupatsa Morris, m'kapu ya maluwa imene ankasungira abusa.

"Shuga ndaika wambiri, adada, ndikudziwa mmene mumakondera."

Morris analandira ndi manja awiri. Ackim ankamuyang'ana. Tiyi anali wotentha kwambiri, koma anamwa yense mpaka pansi, ndipo Marjorie atafuna kuwonjezera, anapereka kapu.